Pogula ngolo, gwadani muone kunsi

Anzanga a kuno kumudzi ndi inu abale a m'tauni, tikambirane za ngolo, poti ndalama za soya ndi fodya zayamba kulowa ndipo ambiri maso ali kwa owotcherera.

Sabata yatha ndinali ku Area 10 kwa alamu anga. Ali ndi kangolo kokoka ndi galimoto, kochokera ku Joni, komwe ankanyamulira katundu popita kunyanja ku Senga Bay. Akuti, "Alamu, ine ndagula kena, chotsani ekiselo ya akaka mukapangire ngolo ya ng'ombe." Ndinagwada, ndinasuzumira kunsi, ndinathokoza, koma ndinakana. Anaoneka okhumudwa, ndiye alamu, werengani apa mumve chifukwa chake.

Ekiselo yawoyo ilibe masipuling'i. Ili ndi rabara mkati mwa chitsulo, ndiye amene amameza mabampu. Pa tara wa ku Salima imayenda mwaulemu ndithu. Koma rabara ameneyu akafooka simungamusinthe pansi pa mtengo wa mango, mumagula ekiselo ina yonse. Nanga ine ndikaipeza kuti? Ku Joni?

Mtundu wachiwiri ndi wa masipuling'i aatali osanjikizana aja, onga a kumbuyo kwa pikapu. Awa ndimawalemekeza. Chitsulo chimodzi chikathyoka, mumakwera basi, mukafufuza ku Malangalanga ku Old Town komwe kuli ogulitsa zipangizo za galimoto, madzulo mwabwerako. Ngati ngolo yanu muzinyamulira tomato, mazira kapena wodwala kupita naye kuchipatala, musaumire, ikani masipuling'i. Amene anaperekezako mayi wapakati usiku pa ngolo youma akudziwa zomwe ndikunena. Ndipo ngolo iliyonse yokoka ndi galimoto isasowe masipuling'i kapena rabara uja, chifukwa pa liwiro imadumpha ngati chule.

Wachitatu ndi ekiselo youma, yomangirira ku thupi la ngolo popanda chofewetsa. Kwa ife a manyowa, njerwa ndi matumba a chimanga a 50 kg, iyi ndiye yathu. Ng'ombe sithamanga, matayala okha amakwanira kumeza mabampu, ndipo palibe zambiri zothyoka. Koma apanso samalani. Ena amakuikirani ekiselo yonse ya kumbuyo kwa galimoto, ndi chimutu chake cha difu pakati. N'njolimba, inde, koma ng'ombe zimayamba kutopa ndi chitsulo musanakweze ngakhale thumba limodzi. Kwa abulu ndiye nkhanza zenizeni.

Musanapereke ndalama, funsani zinthu zitatu. Choyamba, mabering'i ake ndi a galimoto yanji, ndipo amapezeka? Chachiwiri, matayala ndi a saizi yanji? A 14 kapena 15 akale simuvutika kuwapeza. Chachitatu, ekiselo aiika pati? Ikhale kumbuyo pang'ono kwa pakati pa ngolo. Ikapita kumbuyo kwambiri, katundu yense amatsamira pa goli n'kutupitsa makosi a ng'ombe. Ikabwera kutsogolo, goli limanyamuka pa chitunda, zingwe n'kumazikola pakhosi.

Ine ngolo yanga yoyamba ndinagula chifukwa cha penti wobiriwira. Mwezi wa Meyi, chimanga chili m'munda, bering'i inaphwanyika pa dambo, ndipo ya mtundu umenewo sinapezeke Lilongwe yense. Ndinalipira ngolo ya mnzanga masiku asanu, yanga ili gone pa msewu. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere.

Tsono alamu, mphatso yanu sindinainyoze. Kangoloko kagulitseni kwa anzanu a m'tauni, kali ndi ntchito yake pa tara. Mukafuna kundithandiza, mundigulire chitini cha girizi ndi matayala awiri akale a 15. Pamenepo ndidzavina.