Luso la Manja: Bokosi Labwino Limatalikitsa Moyo wa Chida Choimbira

Rimuka ndi dera lakale la mumzinda wa Kadoma, womwe uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 140 kuchokera ku Harare panjira ya ku Bulawayo. Mpaka mu 1982 mzindawu unkatchedwa Gatooma, ndipo Chegutu unkatchedwa Hartley. Anthu ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anafika kuderali kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya golide monga Cam and Motor ku Eiffel Flats. Anabwera ndi ng'oma, gule wamkulu ndi chizolowezi chodzipangira okha zoimbira, ngati magitala a zigubu amene ana ambiri anaphunzirirapo kuimba.

Lero wachinyamata wodziwa kukonza mawailesi angathe kupita patsogolo n'kudzipangira kamakina kotchedwa sequencer, kamene kamaimba mawu angapo motsatizana ndi kuwabwereza mosalekeza. Magulu a zisudzo ndi alangizi a kumudzi amadziwa kuti nyimbo imaitana anthu kumsonkhano msanga kuposa kalata, choncho chida chotere chili ndi ntchito.

Mkati mwake simufuna zambiri. Kachipangizo ka 555, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1972, kamagunda ngati mtima, ndipo ka 4017 kamawerenga kugundako kufika pa 10, ngakhale kuti opanga ambiri amalekezera pa 8. Sitepe iliyonse imakhala ndi batani lake lopotokola losinthira kukwera kapena kutsika kwa mawu, pamene 555 yachiwiri ndiyo imatulutsa mawuwo. Zonsezi zimayenda ndi batire ya mavoti 9 kapena 12.

Vuto limabwera pomaliza. Munthu amatha masabata akuwotcherera mawaya, kenaka n'kuponya zonse m'katoni kapena m'chitini cha mabisiketi. Fumbi la mu Okutobala limalowa m'mabatani n'kumachititsa mawu kukanda, mphemvu zimamangamo, ndipo njinga ikagunda mwala waya amathothoka. Chida chimafa pamaso pa anthu, ndalama ndi ulemu wa gulu n'kupitira limodzi.

N'chifukwa chake bokosi ndi chivundikiro chake chapamwamba, pamene pamakhala mabatani, ziyenera kukonzedwa mofatsa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mmisiri wanzeru amayamba wagula zipangizo zonse ndi kuziyeza, chifukwa zimasiyana kukula malinga ndi kumene zinapangidwa. Kenaka amadula katoni yolingana ndi chivundikiro, n'kuboola ndi kuikapo mabatani onse kuti aone ngati zala zikukwana. Pakati pa batani ndi linzake pakhale mamilimita 30, kotero kuti mabatani 8 amafuna chivundikiro chotalika masentimita pafupifupi 28. Katoni ikalakwika amangodula ina, koma chitsulo chikalakwika ndiye kuti kwatha.

Makoma a bokosi akhale a thabwa louma bwino kapena pulayiwudi wa mamilimita 9 mpaka 12. Chivundikiro chokha chikhale chopyapyala, cha aluminiyamu wa mamilimita 2. Apa m'pamene ambiri amagwa: khosi la batani ndi lalifupi, ndiye likalowa m'thabwa lochindikala silitulukira kunja, ndipo nati imasowa poluma.

Poboola, mmisiri amayamba wakhoma kachizindikiro ndi msomali kuti chiboolera chisaterereke, n'kuboola kabowo ka mamilimita 3, kenaka n'kukuza. Kawirikawiri batani limafuna bowo la mamilimita 7, polowera chingwe cha gitala mamilimita 10, ndipo kanyali kakang'ono mamilimita 5. Chitsulocho chipanidwe patebulo, chifukwa chiboolera chikachikoka chimazungulira n'kucheka zala. Akatha, asalaze m'mabowo ndi tupa ndi kupukuta bwino, poti kachidutswa kamodzi ka chitsulo kakagwera pa mawaya kangawotche chipangizo.

Thabwa limafufuma m'dzinja ndipo limafota m'chilimwe. Chivundikiro chimene chinalowa mothina mu Seputembala chingapindike kapena kukana kutuluka mu Januwale. Choncho pasiyidwe mpata wa milimita imodzi mbali zonse. M'kati mwa bokosi mukhomedwe timitengo tinayi m'makona, kuti chivundikiro chikhalepo ndi kumangidwa ndi masikuluwu. Guluu ndi wa makoma okha, pakuti tsiku lina bokosilo lidzafunika kutsegulidwa kuti likonzedwe. Mawaya ochokera pa chivundikiro akhale otalikirapo, kuti chikatukulidwa asaduke. Waya mmodzi wochokera kumbali ya negetivu akamangidwa pa chivundikirocho, kulira kwa ng'ung'udza kumene kumamveka m'sipika kumachepa.

Pali lamulo limodzi losayenera kuphwanyidwa. Magetsi a m'nyumba ku Zimbabwe ndi ku Malawi ndi a mavoti 220 kapena kuposa, ndipo amapha. Asalowe m'bokosi lopanga pakhomo, makamaka la chivundikiro chachitsulo chimene ana adzachigwira. Batire ndi yokwanira, ndipo imagwira ntchito ngakhale magetsi atazima kapena msonkhano uli pansi pa mtengo. Ngati ndi batire ya galimoto, paikidwe fyuzi pafupi ndi batireyo, chifukwa mawaya ake akagundana amayaka.

Ntchitoyi imafuna maluso atatu amene kawirikawiri sapezeka mwa munthu mmodzi: wa mawaya, wa matabwa ndi wa malata. Ku Rimuka ndi ku Chegutu, monganso pa misika ya kumudzi, amisiri onsewa alipo koma aliyense amagwira payekha. Mlangizi wa achinyamata angawakhazike pamodzi thabwa lisanadulidwe, poti mutu umodzi susenza denga. Luso lomwelo lidzathandiza popanga bokosi la sipika ya pamsonkhano kapena la batire ya sola, zimene alimi ambiri amazisiya pansi pa fumbi ndi pamene ana amasewera.