Mphunzitsi wa kiyibodi musamusankhe poona mtengo wokha

Ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, mwana akati akufuna kuphunzira piyano amakhala akunena kiyibodi ya kutchalitchi, ya Yamaha kapena Casio ya makiyi 61, pakuti piyano yeniyeni ya makiyi 88 njosowa kuno, ndipo Escola Nacional de Música ili kutali ku Maputo. Aphunzitsi ake ndi oimbira makwaya, ena a konkuno, ena olowera pa Chiponde kuchokera ku Mangochi. Makolo amayamba ndi kufunsa kuti ndi mametikali angati pamwezi. Ine ndikuti funso limenelo libwere pambuyo. Khalani nawo kaye pa phunziro limodzi, muone zala za mphunzitsiyo. Alipo amene nyimbo zonse amaziimba mu kiyi imodzi, kwaya ikakweza mawu iwo n'kungodina batani la transpose, ng'oma ndi besi n'kusiyira makinawo. Lamulungu zimakoma m'khutu ndithu, koma mwana wophunzira chotero dzanja lake lamanzere silidziwa ntchito, ndipo tsiku lomwe adzakhale pa piyano yeniyeni adzasowa pogwira. Mphunzitsi woyenera amayamba ndi do re mi, amazimitsa ng'omazo, n'kumuyendetsa mwana m'makiyi osiyanasiyana ndi manja onse awiri. Woteroyo mulipireni mosanyinyirika ngakhale atakwera mtengo. Pokambirana za malipiro mugwirizane kuti magetsi akathima phunzirolo libwezedwa tsiku lina, komanso kuti mwana aziloledwa kuyeserera pa kiyibodiyo m'kati mwa sabata, poti mabanja ambiri alibe yawoyawo.