Tabuleti yalowa m'nyumba, agogo atsala pakhonde

Pa Njuli, m'boma la Chiradzulu, pamsewu wa Blantyre kupita ku Zomba, madzulo ano akusiyana ndi akale. Kale dzuwa likapendeka, ana ankaunjikana pamphasa ya anganga kudikira nthano. Lero m'makomo ena mwana wa zaka ziwiri amakhala duu, maso ali pa tabuleti kapena foni imene bambo ake anatumiza kuchokera ku Joni.

Sitikudana ndi zipangizozi. Chiyambire chaka cha 2023, boma likufalitsa matabuleti m'sukulu za pulayimale kudzera mu ndondomeko ya BEFIT, kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira kuwerenga ndi masamu m'Chichewa. Koma kumeneko ana ndi osinkhukirapo, nthawi ndi yoyezedwa, ndipo mphunzitsi amakhala pomwepo. Kunyumba zitatu zonsezi zimasowa. Kholo likamva kuti tabuleti ikuthandiza kusukulu, limaganiza kuti ithandizanso khanda. Apa ndi pamene tikulakwitsa.

M'chaka cha 2019, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamaonetsedwe kanema, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asamapyole ola limodzi patsiku. Chifukwa chake n'chomveka: mwana amaphunzira kulankhula poyankhana ndi munthu. Akatchula mawu molakwika, agogo amaseka, n'kumukonza, iye n'kubwereza. Kanema amangolankhula yekha, samva chibwibwi cha mwana.

Palinso china chimene tikutaya. M'mabanja athu a chikamwini, agogo aakazi ndiwo nkhokwe ya mtundu. Chiyao kapena Chilomwe, mayina a makolo akale, kupereka salamu kwa akulu, kuyamba chakudya ndi dzina la Allah: zonsezi mwana amazitola pamiyendo yawo. Makanema ambiri a pa YouTube ali m'Chingerezi, ndipo sadziwa kuti mwanayo ndi wa mbumba ya yani. Tikumbukirenso kuti Mtumiki Muhammad (SAW) ankanyamula mdzukulu wake Umama ngakhale ali pa Swala.

Sitikuimba mlandu amayi otanganidwa ndi geni kumsika, amene amapereka foni kuti mwana atonthole. Kutopa kwawo tikukudziwa. Koma pamene agogo ali khomo loyandikana, wolera alipo kale, ndipo nawonso amasungulumwa akasowa mdzukulu wowatuma madzi.

Choncho tigwirizane zinthu zotheka. Nthawi ya chakudya, ndiponso kuyambira Maghrib mpaka pogona, foni izikhala patali. Ngati bambo ali ku Johannesburg, aziimba pa WhatsApp mwana ali pamiyendo ya agogo, kuti chipangizocho chilumikize mibadwo itatu. Tabuleti ikawonongeka tidzagula ina, koma agogo akatisiya, zimene sanauze mdzukulu zidzapita nawo kumanda.