Mlendo ndi Mame, Koma Pusi Amatsala

Anthu akamakamba za Nkhotakota amatchula mpunga, kondowole, nsomba za ku Chia, ndi mtengo umene David Livingstone anakumanirana pansi pake ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860. Koma amene amapita kukapuma m'mphepete mwa nyanja kumeneko amabwerako ndi nkhani inanso, nkhani ya apusi. Nyamazi zimatsika m'mitengo, kudzakhala pafupi ndi alendo, ndipo alendowo amaziponyera nthochi kapena bisiketi kuti azijambule bwino. Ambiri amauona mchitidwewu ngati chifundo. Ine ndikuti ndi nkhanza yovala nkhope ya chifundo, ndipo ovutika nayo ndi mlimi wa m'deralo pamodzi ndi pusi yemweyo.

Kuti timvetse bwino, tiyambe ndi nzeru za pusi. Ife ophunzira sayansi ya zilankhulo timakumana naye m'kalasi tikamakambirana kusiyana kwa chilankhulo cha munthu ndi kulira kwa nyama. M'chaka cha 1980, akatswiri atatu, Robert Seyfarth, Dorothy Cheney ndi Peter Marler, anafalitsa zimene anapeza ku Amboseli m'dziko la Kenya. Iwo anajambula kulira kwa apusi, n'kukuulutsa pa sipika mdani palibe. Apusi akamva kulira kochenjeza za kambuku ankathawira m'mitengo. Akamva kwa chiwombankhanga ankayang'ana kumwamba ndi kubisala m'zitsamba. Akamva kwa njoka ankayang'ana pansi. Chochititsa chidwi n'chakuti ana a pusi amayamba ndi kulakwitsa. Amatha kulira kulira kwa chiwombankhanga ataona mbalame yosaopsa, ndipo amakonza pang'onopang'ono akamakula. Izi zikusonyeza kuti pusi amaphunzira kulumikiza chizindikiro ndi tanthauzo lake.

Tsono mlendo akamuponyera nthochi, amakhala akumuphunzitsa tanthauzo latsopano: munthu ndi chakudya, jumbo ndi chakudya, khomo lotsegula ndi chakudya. Phunziroli likalowa silituluka, ndipo ana amalitengera kwa akuluakulu awo.

Ndinaziona ndekha pamene ine ndi anzanga tinakacheza masiku awiri pa malo ena ogona alendo kumwera kwa boma la Nkhotakota. M'mawa, banja lina linkagawira apusi buledi, aliyense akuseka ndi kujambula. Dzuwa lisanafike paliwombo, pusi wamkulu anatsomphola jumbo m'manja mwa mwana wamng'ono, mwanayo n'kugwa pamchenga akulira. Anthu omwe aja amene ankaseka anayamba kukalipa, ndipo mnyamata wogwira ntchito pamalopo anatumidwa kukathamangitsa apusiwo ndi legeni. Madzulo titayenda pang'ono kulowera kumudzi, amayi ena amene tinawapeza m'munda anatifotokozera kuti chimanga chikayamba kukhwima, wina ayenera kukhala kumunda kuyambira m'bandakucha, ndipo nthawi zina wolonderayo amakhala mwana amene anayenera kukhala kusukulu. Anati apusi ozolowera anthu saopanso mayi kapena mwana.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mlendo amakwera galimoto Lamlungu masana, n'kutenga msewu wa M5 kubwerera kwawo ndi zithunzi zake. Pusi amene iye wamuchotsa mantha amatsala. Lolemba palibe womuponyera bisiketi, choncho amakafuna chakudya m'munda, m'khitchini, kapena pa thandala la usipa. Mlimi amene chakudya cha banja lake chikutha sangamuonerere. Amatchera msampha kapena kumusakitsa ndi agalu. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma pano womutchera zokomazo ndife.

Izi sizichitika kuno kokha. Ku Cape Town m'dziko la South Africa kunali nyani wotchuka dzina lake Fred, amene anaphunzira kutsegula zitseko za magalimoto a alendo pofuna chakudya. Atayamba kuvulaza anthu, akuluakulu oona za nyama anamupha m'chaka cha 2011. Kuno kwathu, malo a Lilongwe Wildlife Centre amalandira apusi ndi anyani amene anthu ankaweta pakhomo, ndipo pamatenga nthawi yaitali kuwazoloweretsanso moyo wa m'tchire asanakawatulutse ku nkhalango monga ya Kasungu. Kuchotsa mantha mwa nyama n'kwapafupi, kuwabwezeretsa ndiye ntchito yaikulu.

Ena anganene kuti apusi ndiwo amakopa alendo, ndipo alendo ndiwo amabweretsa ntchito kwa ophika, alonda ndi ogulitsa ziboliboli. Enanso anganene kuti nyamazi zili ndi njala chifukwa mitengo yatha ndi makala komanso minda. Mfundo zonsezi n'zoona, koma sizikutanthauza kuti tizizidyetsa pamanja. M'boma lomweli muli nkhalango ya Nkhotakota, yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800, imene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mogwirizana ndi boma m'chaka cha 2015. M'zaka za 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Anthu amalipira ndalama kuti akaone njovuzo, koma palibe amene amaganiza zoipatsa njovu buledi. Amakhutira kuiona patali ikuchita zake. N'chifukwa chiyani pusi timamuona mosiyana? Ngati tikumumvera chisoni pa njala yake, tisiye mikuyu ndi mitengo ina ya zipatso iime m'mphepete mwa nyanja, chifukwa nkhokwe yake ndi imeneyo.

Zofunika kuchita si zodula. Eni malo ogona alendo akhale ndi mabini otsekeka bwino, ndipo zotsala patebulo zisasiyidwe poyera. Wolandira alendo awauze lamuloli akangofika, asanawapatse kiyi wa chipinda. Zikwangwani zoletsa kudyetsa nyama zilembedwe m'Chichewa komanso m'Chingerezi, pakuti odzaona nyanja si azungu okha. Pali ana asukulu, makwaya a mipingo ndi mabanja ochokera ku Lilongwe. Chikwangwanicho chisangoletsa, chifotokozenso chifukwa chake, popeza munthu amamvera lamulo limene walimvetsa. Pamenepa ife ophunzira zilankhulo tili ndi gawo lathu: tingathe kulemba uthenga waufupi, womveka ndi waulemu, m'malo mosiyira ntchitoyi womasulira wongotembenuza mawu a Chingerezi.

Mukadzapita ku Nkhotakota, nthochi yanu idyeni nokha. Khalani chete pansi pa mtengo, mumvetsere mmene apusi amaitanirana, muone mmene mayi amanyamulira mwana wake pamimba. Mudzaona zambiri kuposa wowaponyera chakudya, ndipo mukadzanyamuka, mlimi wa pafupi sadzakhala ndi chifukwa chodandaulira kubwera kwanu.