Magetsi inde, koma chigalimotocho ayi

M'mizinda mwathu mwabuka mkangano wa anthu okhuta. Uku kuli eni timagalimoto ta petulo, ti Mira ndi ti Passo tochokera ku Japan. Uko kuli mabwana amene mtima wawo uli dyokodyoko ndi zigalimoto zoyendera magetsi, zonga Kia EV9, zotenga bambo, mayi, ana ndi wantchito yemwe. A Mira ati yawo imangonyambita mafuta. Mabwana ati yawo siidziwa mzere wa pa filing'i siteshoni, komanso siiononga mpweya. Ine ndikuti mlanduwu tiutengere ku Ligowe, m'boma la Neno, ukazengedwe kumeneko.

Bwanji ku Ligowe? Chifukwa magetsi amene mabwana akudalirawo ndi a kwawo kwa anthu a ku Neno. Nkula, amene adayamba kupukusa magetsi mu 1966, pamodzi ndi Tedzani, ali pa mtsinje wa Shire m'malire a Neno ndi Blantyre. Mawaya amanyamula mphamvuyo kupita nayo kumizinda, midzi yambiri ya m'bomalo n'kutsala ndi tochi ya mabatire. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa mabanja 100 alionse m'dziko muno, 11 okha ndiwo ankaunikira magetsi. Mwini munda ndiye akugona ndi njala.

Tiyambe ndi ka Mira. Kali ndi injini ya 660cc, sikafika ndi tani imodzi yomwe, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo amakadziwa mpaka m'matumbo. Mphunzitsi atasunga ndalama zaka zingapo angathe kukagula. Koma abale, kamamwa chiyani? Dontho lililonse la petulo limachokera kunja, kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo timalipira ndi madola amene tilibe. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mizere ya mafuta ya 2022 ndi 2024 ndani waiwala? Anthu adagona m'galimoto ngati ali pamaliro. Tsono katengeni kameneka m'dzinja, mukalowetse m'njira zochoka pa Ligowe kukwera kumapiri. Mimba yake ili pafupi ndi nthaka, kakangoona matope kamakhala pansi ngati nkhuku yofungatira. Ndiye a Mira musatinyadire.

Nanga chigalimoto cha bwana? Apa tisanamizane, chili ndi mfundo imodzi yolimba: chakudya chake timalima tokha. Madzi a Shire safuna madola. Pamenepo ndavomera. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chinthuchi chimalemera pafupifupi matani awiri ndi theka, ndipo batire lake limameza mayunitsi pafupifupi 100 kuti likhute kamodzi. Tawerengani nane. Babu la mawatsi 10 loyaka maola 5 usiku uliwonse lingathe masiku 2,000 pa mayunitsi omwewo, kupitirira zaka zisanu mwana wa sukulu akuwerenga powala. Bwana atha zonsezo pa ulendo umodzi wa kunyanja.

Ndipo magetsi athuwa si ochuluka ayi. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu January 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tidakhala mumdima miyezi yambirimbiri. Pa nthawi yotere chigalimotocho chikadatchajidwa ndi jenereta ya dizilo kuseri kwa nyumba. Mpweya wabwino uja uli kuti pamenepo? Chikafa pa Ligowe, ndani achitsegule? Mtengo wake nawo ngogulira timagalimoto tating'ono tambirimbiri, ndipo ukulipidwa ndi madola omwe aja.

Tsono mlandu wagwera ndani? Onse awiri, chifukwa onse akuyankha funso limene munthu wa ku Ligowe sadafunse. Iye funso lake nlakuti: nachesi, mbatatesi ndi nandolo wanga zifika bwanji ku Mwanza kapena ku Blantyre zisanaonongeke? Mayi wodwala pakati afika bwanji kuchipatala cha pa boma usiku mvula ikugwa? Amene amayankha mafunso amenewa lero si Mira kapena EV9. Ndi mnyamata wa kabaza pa njinga yamoto, amene mafuta akasowa amagula a m'zigubu pa mtengo woboola m'thumba, mtengowo n'kugwera wodwala ndi mlimi.

Apa ndiye pagona nkhani. Batire limodzi la chigalimoto chija likhoza kugawidwa kukhala mabatire a njinga zamoto pafupifupi 30. Izi si nthano. Ku Kigali m'dziko la Rwanda, kampani ya Ampersand ili ndi malo amene wakabaza amasiya batire lotha n'kutenga lodzadza m'mphindi zochepa. Ku Nairobi kampani ya Roam imapanga njinga zamoto za magetsi. Kodi pa Ligowe, pa Zalewa ndi pa boma pa Neno sipangakhale malo otere, ena oyendera dzuwa? Banja limodzi la ku Namiwawa, kapena anyamata 30 odyetsa mabanja awo: sankhani nokha.

Choncho aphungu athu, pokambirana za msonkho, chifundo chipite kwa njinga zamoto, timalole ndi maminibasi a magetsi. Chigalimoto cha manyado chilipire monga chinthu cha manyado, ndalamayo ikagwire ntchito pa mawaya a kumidzi ndi pa msewu wa Tsangano-Neno-Mwanza, umene maboma akhala akuulonjeza pa misonkhano kuyambira kalekale. Neno adakhala boma paokha mu 2003. Anthu ake aona njanji yonyamula malasha a ku Moatize ikudutsa kupita ku Nacala, aona mawaya akudutsa pamwamba pa mitu yawo. Zodutsa zakwana. Mukadzabwera ndi chigalimoto chanu chosalira kudzatiuza za chitukuko, mudzayambe mwatiuza kuti tikwera nawo pati.