Nkhuku Zikuikila, Nanga Wogula Ali Kuti?

Lolemba m'mawa ndinakwela basi ya ku Mtendere yopita m'tauni, matileyi atatu a mazila ali pamiyendo. Ba kondakita anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ba mami, katundu aka kazalipila mpando, olo muzakafukatila mpaka ku tauni?" Basi yonse inaseka. Kutsogolo pang'ono panakwela mai wina, nayenso na matileyi ake awili. Tinangoyang'anana osakamba kanthu. Tonse tinali kukasakila wogula.

Kuseli kwa nyumba ndili na nkhuku 40 zoikila. Zinayamba zili na milungu pafupifupi 20, ndipo manje tsiku lililonse ndimatola mazila opitilila tileyi imodzi ya 30. Pa mlungu ni matileyi 7 kapena 8. Ana adya okazinga, owilitsa, a mu tomato, mpaka wamng'ono anacondelela kuti, "Amai, lelo tidyeko cabe kapenta."

Vutoli si langa ndekha. Mitengo ya zinthu itakwela, ambili m'makomboni tinaganiza cimodzimodzi: kakhola kuseli, tunkhuku, ndalama ya pambali. Tonse tinawelenga mazila, koma palibe anawelenga ogula. Kantemba ka pakona kagulitsa mwina tileyi imodzi pa tsiku, pamene oweta mumseu wathu tili anai. Ukapita ku Soweto Market upeza mazila a mafamu akulu-akulu, amene amagula cakudya ca nkhuku mopikula ndipo angatsitse mtengo osamva kuwawa.

Nkhuku siidziwa kuti msika wavuta. Imodzi imadya magalamu pafupifupi 120 pa tsiku, ndiye kwa ine thumba la 50 kg limatha m'masiku 10 cabe. Cakudyaco cimapangidwa na soya na cimanga, cimanga comweco cimene ticifuna pa unga. Tinaona mu 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti cilala cafika pokhala tsoka la dziko: cimanga cinacepa, madzi ku Kariba anatsika, malaiti anali kupita maola ambili, firiji n'kusanduka kabati. Thumba ugula na ndalama m'manja, koma aneba afuna mazila pa nkhongole, ati "nizakupasani mwezi ukasila." Makhola ambili akufela pamenepa.

Zina ndaphunzila mazila atandiolela. Dzila osalitsuka ngati simulidya lelo, cifukwa madzi amacotsa kautoto kosaoneka kamene kamatseka tumabowo twa cikhokho cake. Losatsuka limakhala milungu iwili kapena itatu pamalo ozizila bwino, koma m'kutentha kwa October musayembekeze masiku onsewo. Ikani nsonga pansi, lembani deti na pensulo, ndipo akale aziyamba kucoka. Mukakaikila, ikani dzila m'madzi: latsopano limamila n'kugona pansi, loyandama tayani.

Kusunga kumangokugulilani masiku ocepa. Cimene candithandiza zoona ni kuleka kupikisana na anzanga atatu aja. Aliyense payekha sakanalonjeza matileyi 15 pa mlungu osaphonya, koma pamodzi tinakwanitsa, ndipo mai wina wophika masikono na makeke a maukwati anavomela kuti azitenga kwa ise Lacisanu lililonse, ndalama pomwepo. Mtengo ni wotsikako, kaili wopikula salipila monga wogula limodzi-limodzi, koma thumba la cakudya likugulika. Tagwilizananso kuti tisamagule anapiye mwezi umodzi tonse, ndipo nkhuku zikakalamba n'kucepetsa kuikila, tizizigulitsa za ndiwo. Otsala pa mlungu ndiwo amene ndimakwela nawo basi, ndipo Lolemba lija tileyi imodzi ndinabwela nayo kunyumba.

Ndiye imwe amene muyembekeza ndalama ya cilimba kuti mumange khola, yambani mwayenda mumseu wanu. Welengani makhola amene alipo kale, funsani a tuntemba na a malesitilanti kuti amatenga matileyi angati ndiponso kwa ndani. Mukapeza wogula, m'pamene mugule anapiye.