Kodi Sam Anafa, Kapena Anangosanduka Mchona?

Nthano zathu za kumudzi zimatha momveka: kalulu wapulumuka, fisi walangidwa, ana akagone. Koma ilipo nthano ina ya pa wailesi ya kanema imene inatha mu 1993, ndipo kufikira lero amene anaikonda akali kutsutsana za mathero ake. Dzina lake ndi Quantum Leap, sewero la ku America limene analipeka Donald P. Bellisario. Linaonetsedwa pa NBC kuyambira mu Marichi 1989 kufikira pa 5 Meyi 1993, zigawo zonse pamodzi 97. Mwezi uno tati nafenso tiponyepo mau, pakuti pansi pa mkanganowu pagona funso limene likhudza banja lililonse.

Kwa inu amene simunalionereko, nkhani yake ndi iyi. Sam Beckett, amene anamsewera Scott Bakula, ndi wasayansi wanzeru zakuya amene anapanga makina obwezera munthu ku masiku akale, m'cipululu ca New Mexico. Analowa m'makinawo asanayesedwe bwino, ndipo kuyambira pamenepo anayamba kudumpha kucoka m'moyo wa munthu uyu kulowa m'moyo wa uyo. Akadziyang'ana pa galasi amaona nkhope ya mlendo. Kulikonse kumene wafika amapezako cinthu cimene cinalakwika kale, ndipo sacokako asanacikonze. Womuthandiza ndi mnzake wa pamtima, Al Calavicci, mkulu wa asilikali a pamadzi, amene amamuonekera ngati cithunzithunzi ndi kumuuza zimene kompyuta yapeza. M'maulendo onsewo cikhumbo ca Sam cinali cimodzi cokha: kubwerera kwao.

M'cigawo comaliza, cochedwa Mirror Image, Sam atulukira m'nyumba yomwera mowa ku Cokeburg, mudzi wa migodi ya malasha ku Pennsylvania. Tsiku lake ndi 8 Ogasiti 1953, tsiku lenileni limene iye anabadwa. Atayang'ana pa galasi aona nkhope yakeyake, tsitsi litayamba imvi. Wogulitsa mowa, amene naye dzina lake ndi Al, aoneka kuti adziwa zambiri za Sam. Ena mwa anthu a m'nyumbamo ali ndi nkhope za anthu amene Sam anawathandiza kale. Tsiku lomwelo mgodi ugumukira anyamata awiri, ndipo nkhalamba yopunduka ndi nyamakazi, Stawpah, ndiyo ipereka nzeru yowapulumutsira. Anyamatawo atatuluka amoyo, Stawpah azimirira m'kuwala, ndipo Sam auzidwa kuti munthu wa dzina limenelo anamwalira kale mu 1933.

Pambuyo pake wogulitsa mowa uja auza Sam mau olemera: kuti amene wakhala akumdumphitsa ndi Sam mwini wake, ndipo akhoza kubwerera kwao tsiku limene wafuna. Sam anena kuti afunitsitsa kupita kwao, koma ali ndi mangawa kwa Al. Mangawa ake ndi awa. Al anagwidwa ukaidi pa nkhondo ya ku Vietnam, ndipo mkazi wake Beth, poyesa kuti wafa, anakwatiwa ndi mwamuna wina. M'cigawo cina ca mu 1990 Al anayesa kumkoka Sam kuti aletse ukwati umenewo, koma Sam anakana, poti lamulo lao silinalole kusintha mbiri ya moyo wao womwe. Tsopano Sam abwerera ku 1969, aimirira pamaso pa Beth, ndi kumuuza kuti mwamuna wake ali moyo ndipo adzabwera. Kenaka padzalembedwa mau pa kanema: Beth sanakwatiwenso, iye ndi Al ali ndi ana aakazi anai, ndipo ali pafupi kukwanitsa zaka 39 m'banja. Mau omaliza ati Sam sanabwererenso kwao.

Apa ndi pamene okonda sewerolo anagawikana patatu.

Oyamba ati wogulitsa mowa uja ndi Mulungu. Umboni wao ndi woti adziwa zobisika, sadabwa ndi kanthu, ndipo kuyambira paciyambi Sam ndi Al anali kuganiza kuti ilipo mphamvu ina yoposa makina imene imasankha kumene Sam apite. Aonjezanso kuti Bruce McGill, amene anasewera wogulitsa mowayo, anaonekanso m'cigawo coyambirira ca mu 1989, ngati kuti anali pomwepo ciyambire. Koma pali cotsutsa: munthuyo sanavomere konse kuti ndi Mulungu, ndipo potsazikana anapempha kuti Mulungu amdalitse Sam, monga acitira wotumidwa ponena za womtuma.

Aciwiri ati Sam anafa, ndipo nyumba ija ndi malo oyembekezera pakati pa dziko lino ndi linalo. Ena amacita kuichula Purigatoriyo. Iwo akuloza kwa Stawpah, wakufa amene akali kuthandiza amoyo, nanena kuti Sam anaonetsedwa cimene iyenso wasanduka. Akumbutsanso kuti pa maulendo ena onse, munthu amene Sam walowa m'malo mwake amapezeka m'cipinda codikirira ku New Mexico, koma pa ulendo uwu cipindaco cinali copanda munthu. Cobvuta pa ganizo ili ndi cakuti wakufa sauzidwa kuti ukhoza kubwerera kwanu ukafuna. Ngati Sam anali atafa, ndiye kuti wogulitsa mowa uja anali kumnamiza, ndipo palibe cina m'sewerolo coonetsa kuti ndi wabodza.

Acitatu ati Sam ali moyo ndithu, ndipo wogulitsa mowa ndi mthenga, kapena mau a mumtima mwa Sam amene avala thupi kuti amuuze coonadi cimene iye anali kucithawa. Dzina la cigawoco, lonena za cithunzi ca pa galasi, ligwirizana ndi ganizo limeneli. Aliponso ena osakonda zozama amene amangokumbutsa mbiri ya kapangidwe kake: Bellisario, amene anabadwa pa 8 Ogasiti 1935, anakulira ku Cokeburg komweko, atate ake anali ndi nyumba yomwera mowa kumeneko, ndipo cigawoco cinajambulidwa asanadziwe ngati NBC idzapitiriza sewerolo. Ngakhale dzina la Sam pa mau omalizawo linalembedwa molakwa, Becket, "t" mmodzi atasowa, ngati nchito ya munthu wofulumira.

Ife titsamira kwa acitatu, cifukwa ganizo lao lokha ndi limene lisiya cisankho m'manja mwa Sam, ndipo popanda cisankho mathero amenewa sakhala ndi kulemera. Munthu womangidwa akapanda kubwera kwao timamva naye cisoni, koma sitimtamanda, ndiponso sitimuimba mlandu. Sam khomo analiona lotseguka, nalipitirira kuti akabweze mkazi wa mnzake. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire, ndipo pa zimene anacitira Al ndi Beth palibe amene angamtole cifukwa. Anakonza cimene iye mwini anakana kukonza, ndipo ana anai analandira moyo cifukwa ca mau ocepa amene ananena m'nyumba ya mai wosweka mtima.

Koma pali munthu mmodzi amene magulu onse atatu amafulumira kumuiwala. M'cigawo coyamba ca nyengo yacinai, mu 1991, Sam anafikako kwao kwa kanthawi, ndipo tinadziwa kuti ali ndi mkazi, Donna Eleese, amene wakhala akumdikira. Usiku umodzi wokha anakhala pamodzi, Sam nalowanso m'makina kukapulumutsa Al. Kudumphako kunali kumuiwalitsa zambiri za moyo wake, ndipo Donna mwini wake anapempha kuti mwamuna wake asakumbutsidwe za iye, poopa kuti angalephere nchito yothandiza anthu. Mau omaliza a sewero atiuza za Beth, za Al, ndi za Sam. Za Donna palibe ngakhale liu limodzi.

Pofuna kumlimbitsa mtima Sam, wogulitsa mowa anamfanizira ndi wansembe amene Mpingo umamsuntha kucoka parishi ina kupita ina, koma moyo umenewo anausankha yekha, ndipo nthawi zina amapatsidwa mpumulo asanayambe utumiki wobvuta. Fanizoli ndi lokoma, koma liyenda motsimphina. Wansembe akasamutsidwa sasiya mkazi akusuzumira kunjira dzuwa likamalowa. Sam anasiya. Mwamuna wokwatira parishi yake yoyamba ndi nyumba yake, ndipo amene analonjeza kukhala ndi wina mpaka imfa sangapereke moyo wake wonse kwa anthu ena ngati kuti ndi wa iye yekha. Tikamuona ndi maso a Al, Sam ndi mpulumutsi. Tikamuona ndi maso a Donna, ndi mchona, ngakhale anacona pocita zabwino.

Sitikunena izi kuti timuweruze, pakuti munthu woiwala ukwati wake cifukwa ca bvuto la m'mutu sitingamuyese mofanana ndi woiwala dala. Tingonena kuti nsembe imeneyi anaipereka anthu awiri, koma woyamikidwa ndi mmodzi. Kodi si momwe zimakhalira ngakhale pakati pathu? Alipo abambo odziwika m'dera lonse kuti ndi othandiza: maliro akagwa ndiwo ayamba kufika, misonkhano yonse ya Mpingo ndi ya mudzi sawasowa, mlandu wa banja la eni ndiwo aukonza. Anthu awatamanda, ndipo kutamandako n'koyenera. Koma kunyumba nsima imazizira pa mbale, ana amagona asanawaone, ndipo mai amene asenza zonse mwakacetecete dzina lake silimveka pa zothokoza.

Mu 2022 NBC inayambitsanso Quantum Leap ndi wasayansi wina, Ben Song, amene anamsewera Raymond Lee. Ambiri anayembekeza kuti tsopano Sam adzapezeka. Koma Dean Stockwell, amene anasewera Al, anali atamwalira mu Novembala 2021, Bakula sanalowemo, ndipo sewero latsopanolo linatha mu 2024 Sam asanabwerere. Conco funso likali m'manja mwa oonerera.

Ife yankho lathu tapereka: Sam sanafe, anasankha, ndipo cisankho cake cinali cokoma kwa Al koma cowawa kwa Donna. Inu mukakhala pansi madzulo ndi a m'banja mwanu, kambiranani nkhaniyi, ndipo musayambe ndi kufunsa kuti wogulitsa mowa uja anali yani. Yambani mwafunsana kuti m'nyumba mwanumo, pa zabwino zonse zimene mumacitira anthu akunja, amene amalipira mtengo wake ndani, ndipo munamthokoza liti.